Ndinagula Malo, Njira Sindinagule

Inu anyamata a mumpingo mwathu ku Mbombwe amene mwayamba kupangitsa mapasipoti, ndi inu adzukulu anga amene mukandipeza ndikusoka pakhonde mumandifunsa kuti malo omangapo nyumba ndi bwino kugula ku Blantyre kapena pa boma pano pa Chiradzulu, ndalemba izi chifukwa cha inu. Pakamwa ndimakuyankhani mwachidule, pakuti chifuwa sichindilolanso kulankhula nthawi yaitali. Koma funso lanulo linandidyera zaka zimene ndikadayenera kukhala pansi ndi kupuma, ndipo sikoyenera kuti likadyenso zanu.

Ine ndine telala. Ndinabadwira cha ku Mauwa, ndinaphunzira pa sukulu ya mishoni, ndipo ndinakwatira ku Kadewere, kumene ndinakhala pachikamwini, pamudzi pa akazi anga, amake Linesi, monga mwa mwambo wathu. Sindinganame kuti anandizunza. Munda anandionetsa, ulemu ankandipatsa, pamilandu ankandiitana. Komabe mundawo unali wa akazi anga, ndipo nyumba ndinaimanga pa dothi la mbumba yawo. Zimenezi mnyamata sazilingalira. Zimayamba kulasa mtima imvi zikatuluka.

Pamudzipo panali mkamwini wina wokalamba, a Gonani, amene anafikapo ine ndisanabadwe. Akazi awo atamwalira, mwambo wa maliro utatha, abale a malemuwo anawasudzula. Palibe amene anawakalipira. Anangowauza mwaulemu kuti tsopano ndi omasuka, angathe kubwerera kwawo. Ndinawaona akutuluka m'mudzi akukankha njinga, atamangirira mphasa ndi wailesi pa kaliyala, akupita kwa ana a mlongo wawo amene sankawadziwa n'komwe nkhope. Tili chiimire kuwayang'ana, alamu anga a Fulaye, mlongo wa akazi anga, anandigunda ndi chigongono.

“Alamu, inu ndiye muli ndi mwayi,” anatero. “Makina anu osokera aja ali ndi chogwirira. Tsiku lanu likadzafika simudzavutika kanyamulidwe.”

Anthu anaseka, inenso ndinaseka, pakuti chilamu ndi chotero. Koma tsiku lomwelo ndinatsimikiza mumtima kuti ndisanafe ndidzakhala ndi malo amene si a mbumba ya akazi anga, si a mbumba ya kwathu, malo ogula, amene munthu sangandiuzepo mwaulemu kuti ndine womasuka. Utelala unali utaphedwa ndi kaunjika. Tsiku lonse ndinkangosoka zigamba ndi mazipi. Ndalama yogulira malo sikadatuluka m'zigamba. Chotero ndinaganiza zopita ku Joni, ine munthu wa zidzukulu kale.

Amake Linesi sanandiletse. Tinangosiyana pa nkhani ya kumene malowo adzakhale. Che Amadu, ogulitsa nsalu amene ndinkasokera pakhonde pa sitolo yawo, anali ndi malo pafupi ndi boma, oyang'ana kumsewu wopita kuchipatala.

“Atelala, mukukafunanji kutali?” anandifunsa Che Amadu. “Tengani konkuno. Tadyera limodzi nthawi yonseyi, sindingakupatseni pa thanthwe.”

Akazi anga anakondwa nawo malowo. Ankati chipatala chili pafupi, tchalitchi chili pafupi, kumunda angathe kupita m'mawa ndi kubwerako madzulo. Ine ndinkaona kuti kufupikako ndiye vuto lake. Ndinati pa boma alamu angathe kufika pa njinga tiyi asanazizire. Ndinkafuna Blantyre, kumene munthu safunsidwa kuti ndiwe mkamwini wa kwa yani, kumene malo amakwera mtengo mwini wake ali mtulo, ndipo ukamanga kachipinda kumbali umadya za lendi mpaka kumanda.

Za ku Joni sindidzakometsera. Ndinapeza ntchito yosoka makatani m'chipinda cha kuseri kwa nyumba ya bwana wina, chopanda zenera, magetsi oyaka usana wonse. Tinkagona ambiri m'chipinda chimodzi, anyamata okhaokha a misinkhu ya ana anga. Ankanditcha madala, ndipo akayamba nkhani zawo ankatsitsa mawu pondichitira ulemu. Ulemu umenewo unkandisungulutsa koposa chipongwe. Chisanu cha kumeneko chimalowa m'mafupa, osatulukamo. Panali miyezi ina imene alendo tinkasakidwa, ndipo tinkayenda titatseka pakamwa, kuopa kuti lilime lingatiulule. Lamulungu ndinkakhala pa bedi ndi buku langa la nyimbo, ndikuimba chamumtima.

Ndalama ndinkaigawa patatu: ya mimba yanga, ya feteleza kumudzi, ndi ya malo, imene sindinkaikhudza ngakhale ndidwale. Mauthenga a akazi anga ankabwera kuchokera pa foni ya Linesi, mwana wathu. Amayi ake sankadziwa kuti mawu ojambula angathe kutalika, chotero ankalankhula ngati akuthamangitsidwa. “Mvula yagwa. Mbuzi ija yaswa. Miyendo yayambanso kutupa. Mudye.” Uthenga umodzi wotero ndinkaumvetsera kufikira batire litatha.

Zitakwanira zogulira malo, ndinabwera kumudzi nthawi ya Khirisimasi. Mdzukulu wina wa kwathu anatiperekeza, ine ndi amake Linesi, kumtunda kwa Machinjiri, kumene bambo wina ankadula munda wa makolo ake ndi kumagulitsa mapuloti. Titatsika minibasi tinalowa kanjira kodutsa m'chimanga, kopondeka bwino, koonekeratu kuti anthu akhala akuyendamo kuyambira kale. Tinadutsa pabwalo pa mayi wina akutsuka mbale, tinati odi, iye anati pitani agogo. Kenaka tinafika pamalopo.

Pano ndifuna mumvetsetse, chifukwa ena amayesa kuti ndinagula mwachibwana. Ndinafunsa zonse zimene munthu woleredwa bwino amafunsa. Ndinafunsa ngati pali mlandu, ngati abale a wogulitsayo avomera, ngati panali manda, kumene madzi a mvula amathamangira, kumene anthu amatunga. Dothi ndinalifinya m'manja kuona ngati lingaumbe njerwa. Amfumu a kumeneko anabwera, mboni zinabwera, tinayenda malire onse, tinasainirana. M'ngodya zonse ndinadzala nkhadze ndi manja anga. Chinthu chimodzi chokha sindinafunse, ndipo sichinandifike n'komwe m'mutu. Kwathu kuno njira ilibe mwini. Amaipanga ndi mapazi a anthu, ndipo ikadutsa m'munda mwako umalima uku ndi uku, n'kuisiya. Ndani wa ku Chiradzulu akadaganiza zofunsa mtengo wa njira imene wangoyendamo kumene?

Ndinabwerera ku Joni kukasaka za malata ndi simenti. Ulendo wachiwiriwu unatalika kuposa woyamba, pakuti mitengo ya zinthu kuno inkathamanga kuposa singano yanga. Chaka chilichonse ndinkati chamawa ndibwerera. Maso anayamba kuchita chifunga, mpaka ulusi ankandilowetsera ndi anyamata aja. Linesi anatumiza mawu kuti Che Amadu agulitsa mbali yakumsewu ya malo aja kwa mphunzitsi wina, ine ndinayankha kuti agulitse, athu ali m'tauni. Mdzukulu wanga uja anasamukira ku Lilongwe, ndipo panalibenso wina wokazonda puloti. Sindinade nkhawa. Ndinkati dothi silithawa.

Bwana atanena kuti mizere yanga yayamba kukhota, ndinadziwa kuti nthawi yakwana. Ndinatsika basi pa Wenela ndi chikwama chimodzi ndi ndalama ya nyumba ya zipinda zitatu. Nditapuma kumudzi masiku owerengeka, tinanyamuka ndi amake Linesi, amene tsopano ankayenda ndi ndodo, pamodzi ndi mmisiri womanga nyumba, a Likoswe, kuti akaone pokumba maziko.

Tinatsika pa siteji yomwe ija. Chimanga panalibe. Kumene kunali kanjira kuja kunali mpanda wa njerwa wautali kuposa munthu, pamwamba pake atazika magalasi a mabotolo. Tinatsata mpandawo kufikira unakumana ndi unzake. Tinazungulira kumunsi, tinakwera kumtunda, paliponse geti, paliponse galu. Ndinayamba kukayika ngati sindinasokere, koma phiri la kumtunda kwa malowo linali pomwe ndinalisiya. Potsiriza mlonda wa nyumba ina anatimvera chisoni, natilowetsa kuseri, nagubuduzira mgolo kukhoma. A Likoswe anandigwira miyendo, ine ndinakwera, ndi kusuzumira.

Malo anga analipo. Udzu unali wofika m'chiuno, zinyalala zotayidwa kuchokera mbali zonse zinali mbwee, koma nkhadze zanga zinali njo m'ngodya zake, zitakula kundiposa. Panalibe amene anandibera ngakhale phazi limodzi. Aliyense anamanga mpanda wake pa malire ake enieni, ndipo mipanda inayo inakumana.

“Mukuona chiyani kumeneko?” anafunsa amake Linesi ali pansi.

“Ndikuona malo athu.”

“Alipo?”

“Alipo onse.”

“Nanga tilowera pati?”

A Likoswe anayesa kuseketsa. “Madala, vuto palibe. Simenti tidzatsitsa ndi ndege, inu ndi amayi muzidzalowa pa makwerero.” Koma akazi anga sanaseke. Anakhala pa njerwa, natambasula miyendo yawo yotupayo, nanena motsitsa: “Abambo a Linesi, za simenti zisiyeni. Mmodzi wa ife akadzagona m'menemo, maliro adzatulukira pati?”

Wogulitsa uja ndinampeza, atanenepa. Sanabise kanthu, ndipo sanaone cholakwa. “Bambo, inu munagula malo, ndipo malo anu alipo. Mmene munadutsa muja munali m'munda mwanga, ndinagulitsanso. Za njira mukadanena, tikadakambirana mtengo.” Ndinapita kwa eni mipanda mmodzimmodzi, chipewa chili m'manja. Wina anandilankhula pa kabowo ka geti. Wina anali kunja kwa dziko. Mayi wina anandipatsa mpando ndi madzi, nandifotokozera mwaulemu kuti akagumula mpanda, galimoto yake isowa pokhala. Ku maofesi anandiuza kuti mlandu wotere ulipo ndipo ndingathe kuwina, koma ndipeze loya ndi mtima wodikira. Ndinayenda miyezi ingapo pakati pa Kadewere ndi Blantyre, ndalama ya malata ikuthera m'maminibasi. Mtima wodikira ndinali nditausiya ku Joni. Ndinagulitsa malowo kwa mmodzi wa eni mipandawo, amene ankafuna pomanga khola la nkhuku. Mtengo anatchula ndi iyeyo, pakuti malo opanda khomo sakadagula wina.

Ndinapita kwa Che Amadu manyazi ali m'maso. Ndinawapeza atakalamba, sitolo akuyendetsa ndi ana awo.

“Atelala! Mwabwera nayo Blantyre ija? Ili m'thumba liti?”

Ndinawafotokozera zonse. Anapukusa mutu, nanena kuti kwatsala kachigawo kumbuyo, kochepa, kotsetsereka pang'ono. Tinapita kukaona. Asanatchule mtengo ndinawafunsa kuti njira yofikira pamenepa ndi ya yani. Anandiyang'ana ngati ndayamba misala.

“Njira? Si iyi taimapoyi? Mukufuna ndikugulitseni njira? Mawa mudzati ndikulembereni lisiti ya mphepo.”

Ndinaumirira. Tinaitana mphunzitsi wa kutsogolo uja, tinaitana amfumu, tinayeza mpata wokwana galimoto kuchokera kumsewu, ndipo zinalembedwa. Anthu anaseka kuti telala wabwera ndi nzeru za ku Joni. Sizinali za ku Joni, zinali za pa mgolo.

Lero ndikukhala pamenepo, m'nyumba ya zipinda ziwiri, yosapaka pulasitala. Amake Linesi amagona kuno masiku ambiri chifukwa cha chipatala. Nthawi yolima amapita kumudzi. Palibe amene angadzandisudzule pano. Chimene ndinachifuna ndinachipeza, koma ndinachipeza pamalo pamene Che Amadu anandilozera ndisananyamuke, chitachepa, inenso nditatha. Sindinena kuti Blantyre ndi yoipa. Anzanga ena anagula kumeneko ndipo akudya za lendi. M'tauni malo amabala ndalama, koma chilichonse chimene sunachigule si chako. Kuno malo sabala msanga, koma zinthu zina ukadali kuzipeza kwaulere, chifukwa anthu akukudziwa.

Ndati ukadali kuzipeza, pakuti chimene ndaona pobwera ndi ichi: mipanda ija yatitsatira. Pa boma pano mauvuni a njerwa akufuka mbali zonse. Ku Kadewere komwe, mnyamata wina wobwera ku Joni wamanga mpanda kuzungulira nyumba ya amayi ake, ndipo watseka njira imene akazi ankadzera popita kumjigo. Tsopano amazungulira ndi ndowa pamutu. Ndalama imene timakaivutikira kutali ndiyo ikutseka njira za kwathu. Mwezi wathawu mdzukulu wanga wina anandiuza kuti adzandimangira mpanda kufika pa malire enieni, kuopa akuba. Kuseri kwanga kuli mayi wamasiye amene amadutsa pambali pa nyumba yanga popita kumsika. Ndinamuuza mdzukuluyo kuti njerwa zakezo akamangire bafa.

Chotero, ana anga, kaya ndi ku Blantyre, kaya ndi pa boma, musanafunse mtengo wa malo funsani za njira, ndipo ilembedwe pamaso pa mboni. Mutenge akazi anu akaimepo, ndi kumvera chimene anena. Musasiye malo zaka zambiri popanda wokapondapo. Ndipo tsiku limene mudzakhale ndi ndalama ya mpanda, muyambe mwapita kuseri kwa nyumba yanu, mukaone amene akukhala kumeneko, ndi kumusiyira potulukira.