Msewu Wodutsa M'kabichi Wanga

Bambo oyandikana nafe, mdzukulu wa anthu a ku Rasha amene anabwera kuno kuchigwa cha Chui pa ngolo, anditopetsa. Akuti msewu wakale wa asilikali umadutsa m'munda mwanga, ndiye ndikamanga mpanda, iwo amazula. Msewu wake uti? Ndi udzu wokhawokha!

"Msewu satseka, Tologon," amatero.

Lachiwiri nkhosa zinalowa n'kumaliza kabichi yense. Bambo aja ndinawapeza atakhala pamwala pakati pa mundawo.

"Bambo, asilikali anuwo anafa kalekale! Mukudikira ndani?"

"Palibe, mwanawe. Agogo anga anaika khanda lawo, limene linamwalira pa ulendo, pansi pa mwala uwu, ngolo n'kupitirira. Ukatseka, tizidzamuona bwanji?"

Ndinamanganso mpanda n'kusiya mpata. Nkhosa za anthu zikunenepa, ine kabichi ndikugula kumsika.