Deliya wa Pamabwinja

Chitseko cha khitchini yathu ku Mzimba chinali chabuluu, ndipo chinali ndi mtanda wofiira wa penti kuchokera pamwamba mpaka pansi. Mtandawo sunali wa kutchalitchi ayi. Unali uja ankalemba pa nyumba zoti zigumulidwe. Malume anabwera nacho atachisenza pamutu, madzulo a tsiku limene anagumula nyumba za kuseri kwa msika, nachikhomera okha chifukwa chathu chakale chinali chitadyedwa ndi chiswe. Mayi anachikwecha ndi mchenga kawiri konse koma pentiyo inakana kuchoka. Ine ndinkachikankha m'mawa uliwonse pokatenga phala, mtima uli m'malo.

Kumeneko tinali alendo. Mayi anali namwino, anawasamutsa kuchokera kwathu ku Dedza ine ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Bambo anali atamwalira. Malume, mlongo wawo wa mayi, anatitsatira atamva kuti kukufunika woyendetsa katapila, ndipo ndiwo anakhala mwamuna wa pakhomo. Anali munthu wa nthabwala, wondinyamula pamapewa, wondigulira chingamu. Koma akakwiya, ngakhale galu wa aneba ankasowa pobisala. Mayi nawo sanali ochezeka nawo pa nkhani ya mwambo. Anali ndi lamba wa yunifolomu yawo yakale amene ankakhala pa msomali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda, ndipo msana wanga unkamudziwa bwino lambayo.

Nyumbazo anazigumula mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Akuluakulu ena anati anthuwo anamanga popanda chilolezo, ndipo pamalopo pamangidwa masitolo. Ife ana tinathawa kusukulu n'kukakwera pachulu kuti tizionera bwino. Kunabwera lole yodzaza amuna a zibonga, kenako katapila, malume ali pamwamba atamanga kansalu pamphuno. Ndikukumbukira fumbi lofiira lolowa mpaka m'mano, kulira kwa malata akamapindika, ndi fungo la ufa wonyowa umene unatayika pamene mbiya inasweka. Bambo wina anakakamira felemu ya chitseko chake, ndipo anamumenya zala ndi chibonga mpaka anasiya. Nkhuku ina imene inali kufungatira mazira inakana kuchoka pachisa, katapila inangoipitirira. Ine pachulu paja ndinkalumpha n'kumauza anzanga kuti, "Awo ndi malume anga!" Ndikaganiza mawu amenewa lero, ndimafuna kubwerera pachulupo ndikamutseke pakamwa mwana ameneyo.

Pakati pa ogumuliridwawo panali mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti mayi wa pachitsime, chifukwa pakhomo pake panali chitsime chakuya chimene anthu ankatungapo mipopi ikauma. Anali Mtumbuka, wamasiye, wa miyendo yotupa, ndipo ankagulitsa zigumu pageti ya sukulu yathu. Ine ankanditchula mwana wa a nesi, ndipo kawirikawiri ankandisankhira chigumu cha m'mphepete, chopserera, chimene ndinkachikonda. Tsikulo anagona pansi kutsogolo kwa katapila. Amuna awiri anamukoka miyendo ngati thumba la makala, chitenje n'kutsalira kumbuyo, azibambo amene anali pomwepo n'kuyang'ana kumbali. Nyumba yake ndiyo inali ya chitseko chabuluu. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, koma mwana amasunga zokhazo zimene zamukomera.

Katapila inakankhira zigumuka, malata ndi nthambi pamwamba pa zimbudzi ndi pachitsime paja popanda kukwirira, n'kumapita. Omanga masitolowo sanabwere. M'malo mwawo kunabwera mvula, ndipo pofika mwezi wa Epulo mabwinja onse anali atasanduka dimba la maluwa. Panali maluwa apinki ndi oyera a timitengo towonda, amene sitinkadziwa dzina lake, ogwedezeka ndi kamphepo kalikonse. Panali chisoso ponseponse, maungu ongomera okha pamene panali nkhuti, ndi deliya amene kale anali mpanda wa mabafa, tsopano atakula kuposa munthu wamkulu, ali chikasu chokhachokha. Njuchi zinkamveka uli pamsewu. Sindinaonenso malo okongola chotero, ndipo ndimakwiya kuti mpaka lero ndimawaonabe okongola. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pamene deliya anali wamtali kwambiri, wa masamba obiriwira bii, m'pamene panali maenje.

Mayi anandichenjeza kamodzi kokha. "Ndikadzangomva kuti wapondako kumabwinja kuja, udzandidziwa." Sanafotokoze chifukwa. Masiku amenewo mwana sankafotokozeredwa, ankangolozeredwa msomali wa lamba.

Ndiye kunabwera nkhani ya alendo odzayendera sukulu. Aphunzitsi athu anati mtsikana aliyense abwere ndi maluwa okongoletsera kalasi, ndipo wobwera chimanjamanja alandira zikoti zisanu. Anzanga anathyola a m'mbali mwa msewu, ofumbirira. Ine ndinali mwana wofuna kuoneka. Ndinkafuna kuti aphunzitsi anyamule anga m'mwamba n'kunena kuti taonani a mwana wa ku Dedza. M'mawa wa tsikulo kunkazizira, ndipo ndinavala juzi yakale ya mayi, yaubweya, yondifika m'mawondo. Nditafika pamabwinja ndinayang'ana uku ndi uku, n'kulowa.

Mame anandinyowetsa mpaka m'khosi. Manja ankanunkha kuwawa kwa deliya. Ndinali nditathyola odzaza mkono, koma patsogolo panga ndinaona ena aakulu kuposa onse, ataunjikana pamodzi, ndipo ndinalunjika komweko.

Mayi wa pachitsime anali m'mabwinjamo. Chigumulireni nyumba yake ankagona kwa abale ake kutsidya kwa mtsinje, koma m'mawa uliwonse ankabwera kudzatola njerwa zake zosasweka, n'kumazigogoda matope, n'kumaziunjika. Anali pataliko ndithu pamene anandiona.

"Iwe mwana wa a nesi, yima! Pali chisime apo! Wera!"

Ndinamva. Izi ndiyenera kuzinena mosabisa, chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti sindinamve. Chitumbuka ndinali nditachizolowera, ndipo ndinadziwa kuti akuti ndiime, pali chitsime. Koma ndinaganiza kuti akungondimana maluwa a pakhomo pake, ndipo ndinayamba kuthamanga kuti ndithyole asanandipeze. Ndi miyendo yake ija sakanandipeza. Anaponya chimene chinali m'manja mwake.

Chidutswa cha njerwacho chinandipeza pamwamba pa diso lakumanzere pamene ndinkacheuka. Ndinaona kuwala, kenako ndinali chagada, magazi otentha akulowa m'khutu. Phazi langa linali litagunda lata ladzimbiri lobisika m'masamba. Latalo linapendekeka, timiyala tinagubuduka n'kulowa pansi pake, ndipo panapita nthawi ndithu ndisanamve kuti chubwi, kutali kwambiri pansi.

Anafika akupuma movutikira, nandikokera kumbuyo. Anavula duku wake n'kundimanga pamutu, akungoti, "Mwana wane, mwana wane." Anandinyamula mpaka pamsewu, naimitsa wakabaza, namuuza kuti andithamangitsire kwa a nesi, iye abwera pambuyo. Tili m'njira ndinayang'ana juzi ija. Inali bii ndi njere za chisoso, zitakanirira kuyambira pachifuwa mpaka m'munsi. Magazi akutuluka choncho, chimene ndinaganiza chinali lamba. Ndinaivula juziyo n'kuikankhira m'jumbo yanga ya mabuku.

Kuchipatala anandisoka mayi atandigwira mutu. Asanandifunse kanthu, malume anatulukira, mafuta a injini ali m'manja.

"Unali kuti?"

"Pamsewu."

"Wakugenda ndani?"

"Mayi wa pachitsime."

"Wamulakwira chiyani?"

"Kaya."

Mawu anga onse anali amenewo. Chifukwa chake malume anachipeza okha: mayiyo walephera kulimbana ndi katapila, ndiye wabwezera pa mwana. Wakabaza uja anavomereza kuti anatipezadi pamsewu. Mayi anati, "Achimwene, dikirani kaye, timve bwino," koma malume anali atandinyamula kale kuti ndikawalozere munthuyo. Panja panali anzawo awiri a kuntchito. Mmodzi anali ndi chitsulo chomasulira matayala, malume anamulanda.

Sitinafike n'kumabwinja komwe. Tinakumana naye pafupi ndi msika, akutsimphina kulowera kuchipatala, mutu uli pamtunda wopanda duku. Anali atanyamula beseni. M'besenimo munali patapata wanga mmodzi amene anatsalira, ndi maluwa anga aja, atawatola onse n'kuwamanga ndi luzi.

Malume ananditsitsa pansi. "Ndi uyu?" Ndinagwedeza mutu.

Khofi loyamba linamugwetsa, beseni n'kugubuduka mpaka m'ngalande. Anzawo aja anayamba kumuponda m'nthiti. Iye anadziphimba kumutu ndi mkono, akukuwa kuti, "Ndapota, dada! Ndapota! Mufumbeni mwana!" Ankati afunse ine. Chitsulo chinatsika pa mkono umene anadziphimba nawowo, ndipo unalira ngati nzimbe ikamathyoledwa pabondo. Mpaka lero wina akamathyola nzimbe pafupi nane ndimachokapo.

Anthu a mumsika anathamangira pomwepo, ena atatola kale miyala, chifukwa mayiyo anali wawo, ife tinali obwera. Koma ataona bandeji yanga, ndi magazi ali pa diresi la sukulu, manja awo anatsika. Ndinamva wina akuti wagenda mwana, mbwenu wazifuna yekha. Malume sanafunikenso kudziteteza. Ine ndinali nditaima pamenepo ngati mboni yawo, osatsegula n'kamwa komwe.

Mayiyo anakweza mutu, dothi lili m'kamwa, nandiyang'ana. Sanali wokwiya, ndipo chimenecho n'chimene chimandipweteka kwambiri. Ankaoneka wotsimikiza kuti ndinena, kuti ndangochita mantha pang'ono. "Yowoya, mwana wane," anatero. Ankati ndilankhule. Ine ndinayang'ana phazi langa lopanda patapata, mpaka anthu anawakoka malume n'kuwachotsapo.

Anamugoneka m'chipatala momwe mayi ankagwira ntchito, namuika chikhakha, koma mkonowo sunawongokenso. Mlandu unathera m'malere. Akuluakulu anati mbali zonse kwatuluka magazi, ndiye zafanana. Atatuluka anapita kwawo cha ku Jenda, chifukwa chimanga cha zigumu sasinja ndi mkono umodzi, ndipo njerwa zake zinatsala zili mulu mpaka ena anazituta. Kusukulu aphunzitsi anauza kalasi yonse kuti indipempherere, nandichotsa pa gulu losesa. Anzanga ankandigawira mbatata zawo kuti ndiwaonetse posokapo. Ndisaname, zinkandikoma.

Loweruka la sabata yomweyo, mayiyo akadali m'chipatala, mayi anatulutsa matiresi kuti awayanike, ndipo anaipeza juzi ija kunsi kwake, kumene ndinaibisa. Anandiitana. Ndinawapeza atakhala pakhonde, juzi ili pamiyendo, mbaula ili pambali. Malume anali patsinde pa mtengo wa mango chapomwepo, akumvera mpira pa wailesi, akuimba mluzu. Ndinadziwa kuti zanga zada. Pamsewu wa fumbi sipamera chisoso chofika munthu pachifuwa, ndipo mayi sanali munthu wopusitsika. Ndinaima chilili, msana utayamba kale kuyabwa.

Sanadzuke kukatenga lamba. Anayamba kuzula njerezo imodziimodzi, n'kumaziponya pamakala, pamene zinkathetheka pang'ono n'kuzima. Ankazula pang'onopang'ono, kuposa mmene ntchitoyo inkafunira. Akazula zingapo ankakweza maso n'kundiyang'ana, n'kudikira, kenako n'kuweramanso. Kamodzi anayang'ana kwa malume nthawi yaitali. Dzuwa linasuntha kuchoka pakhonde kufika pabwalo, ine ndili chiimire, milomo nditaluma. Njere yomaliza itapsa anaikutumula juziyo, nandipatsa.

"Palibe chimene ukufuna kundiuza?"

"Palibe."

"Chabwino. Pita."

Ndinathamangira kwa anzanga kukasewera fulaye, ndikusekerera ndekha kuti ndawapusitsa.

Mayi anadzandiuza ine ndili kale ndi ana anga kuti juziyo sinawauze chachilendo. Iwo ndiwo ankamusambitsa mayi wa pachitsime m'mawa uliwonse sabata imeneyo, ndipo mayiyo anali atawafotokozera zonse tsiku loyamba lomwe, n'kuwafunsanso ngati diso la mwana lapulumuka. Akanandimenya pakhonde paja, malume akanafunsa chifukwa, ndipo nkhani ikanatuluka: mlongo wawo akanalowa m'ndende, kapena akanandimaliza ine ndi manja omwe aja. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Anasankha kukhala chete, ndipo anafa akudziimba mlandu. Koma anati ndikanangotsegula pakamwa ine mwini, akanandigwira dzanja n'kupita nane kuwodi kuja, zotsatira zake n'kuziona konko.

Ine pa zaka zisanu ndi zinayi ndinkadziwa chilango chimodzi chokha, chija cha pamsomali, ndipo ndinkayesa kuti ukachizemba ndiye kuti nkhani yatha. Sindinkadziwa kuti kuzula pang'onopang'ono kuja anali kundipatsa nthawi, ndipo kuti mayi wa pachitsime anali adakali pabedi, mtunda wongoyenda pansi kuchokera pakhonde pathu, akudikirabe kuti mwana wa a nesi abwera kudzanena.