Apongozi pazenera la okala yanga

"Aneba, shuga amene mwamwera tiyi m'mawa uno, mwagula?"

Anandifunsa chonchi mayi woyandikana nane nyumba ku Chinsapo, Msilamu wa ku Mangochi amene ankagulitsa usipa pamsika. Anandipeza ndikuchapa matewera a mwana wanga woyamba. Ndinaseka. Ndigule bwanji shuga okala ili yanga? Unali mwezi wachitatu chiboolereni zenera pachipinda chakutsogolo, pomwe ndinkagulitsira shuga, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi tina ndi tina.

"Nanga sopo mukuchapirayo?"

"Ndangotenga pashelefu."

"Ndiye okala imeneyo mukuidya nokha, anzanga. Muzangoona mashelefu akukuyang'anani."

Anakhala pandowa yanga yovundikira n'kundifotokozera. Ndalama ya geni, iwo anati, imakhala patatu. Pali mpamba, wokaodera katundu wina, umenewo sukhudzidwa. Pali ya laisensi ya khonsolo, yomwe imafunika chaka ndi chaka, ndipo ukapanda kuidula amabwera n'kukutsekera. Yotsalayo ndiye yako. Ukafuna kanthu pashelefu, uzigula ngati munthu wodutsa. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma izi ndinazimva bwinobwino. Ndinatsuka zitini zitatu za majarini, ndipo madzulo alionse ndinkaponya K20 m'chitini cha laisensi.

Abambo a kunyumba, omwe ndi kalipentala, lamuloli analilandira mwanthabwala. Akafuna kandulo ankatuluka pakhomo, kuzungulira nyumba, n'kukaima pazenera.

"Odi pa okala. Bwana, kandulo imodzi ndi machesi."

"K15."

"Pangongole sizingatheke? Mkazi wanga ngovuta, wandilanda zonse."

"Kamuuzeni mkazi wanuyo abwere yekha tidzakambirane."

Ankalipira akuseka, chenji n'kuwerenga kawiri. Miyezi inapita, mashelefu anadzaza, chitini cha laisensi chinayamba kulemera.

Kutatsala miyezi iwiri kuti ndikadule laisensi, apongozi anga, mayi awo a abambowa, anabwera kuchokera ku Dowa. Maso awo anali atachita ng'ala, ndipo kuchipatala anawauza kuti adikire tsiku la opaleshoni. Anakhala nafe masabata asanu. Anali munthu wabwino, wosavuta. Mwana ankachoka kumsana kwawo pokhapokha akafuna kuyamwa.

Tsiku la sikelo ndinawasiya pazenera. Ndinawauza mitengo yonse, n'kuwagwiritsa kachikho koyezera mafuta. Pobwera ndinapeza botolo la mafuta latsika kwambiri, koma ndalama m'mbale zili zowerengeka.

"Amayi, malonda ayenda bwanji?"

"Ayenda bwino zedi, mwana wanga. Anthu akuno ngaulemu. Koma kachikho kanu kaja n'kochititsa manyazi. Munthu angakazingire chiyani timadontho timeneto? Ine ndimathira kawiri."

Ndinangoti, "Zikomo, Amayi." Apongozi sungawadzudzule ngati mwana.

Mbiri inamveka mzere wonse wa nyumba. Azimayi anayamba kudikira kuti ndisenze ndowa kupita kumpopi, ndiye n'kumabwera. Ana otumidwa akandipeza ine pazenera ankaima chapatali, ndalama ili m'manja.

"Ukufuna chiyani iwe?"

"Amayi anati ndigule kwa agogo."

Ndinawadandaulira abambo. Anati ndisade nkhawa, alankhula nawo. Anakhala nawo pakhonde nthawi yaitali, ine ndili m'nyumba kumvetsera. Anakamba za mvula, za mbuzi za kumudzi, za denga la tchalitchi. Polowa anali akukanda m'mutu.

"Ndinayamba ndithu," iwo anati, "koma andifunsa ngati mkaka umene ndinayamwa ndinalipirapo."

Kuyambira pamenepo ankaponya mobisa timakobidi tawo m'chitini cha mpamba, kuganiza kuti sindikuona. Koma malipiro a kalipentala sakanatha kuthamangitsana ndi dzanja la mayi awo.

Ndinayesa nzeru ina. Ndinamangiratu mchere, shuga ndi mafuta m'timapulasitiki, kuti pasakhalenso choyeza. Apongozi anayamikira kuti ndawapeputsira ntchito. Kenako ndinawaona akupereka tiwiri pamtengo wa kamodzi.

"Amayi, ameneyo walipira kamodzi."

"Ndamumva malankhulidwe, ngwa kwathu ameneyo. Mwina agogo ake ndinalima nawo. Ndimulipiritse mchere?"

Kwa iwo, theka la Chinsapo linali la ku Dowa.

Aneba a usipa aja anandiuza kuti ndigule loko, ndizitseka zenera ndikamachoka. Loko ndinagula. Koma tsiku limene ndimati nditseke ndinawapeza apongozi atakhala kale pampando wawo, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, akudikira anthu. Kumudzi anali ndi munda, anzawo, mitondo yosinjira limodzi. Kuno sankaona ngakhale msewu woti ayendemo. Anthu onse amene anali nawo m'tauni ankabwera kudzera pazenera limenelo, ndipo ankawazindikira ndi mawu okha. Loko ndinaika m'thumba. Ndinangochotsa katundu wodula, mkaka ndi mafuta odzola, n'kubisa pansi pa bedi, ndipo potunga madzi ndinkayenda mothamanga.

Opaleshoni inayenda bwino. Atawachotsa thonje n'kubwerera kunyumba, anayamba kuyang'anitsitsa nkhope ya mdzukulu wawo, kenako yanga. Atatero analowa mu okala, n'kuona mashelefu koyamba ndi maso awo.

"Katundu wachepa chonchi bwanji?" anafunsa. "Mwana wanga, geni imafuna kusamala. Musamadye mpamba."

Abambo anatuluka panja msangamsanga. Ndinawamva akutsokomola kuseri kwa nyumba.

Tsiku lopita kwawo, azimayi a mzere wathu anawaperekeza mpaka pasiteji ya minibasi, wina atasenza chikwama, wina atawagwira dzanja. Apongozi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndili ndi mwayi, ndinakhala pakati pa anthu achikondi. Ndinavomera. Ndinawasowa tsiku lomwelo, mwana atayamba kulira kufuna msana wawo.

Mawa lake aneba anabwera ndi cholembera, tinakhala pamkeka n'kuwerenga zotsala. Mpamba unali utaphwa moti sindikanatha kukaoda katundu wokwanira. Chitini cha laisensi chokha ndicho chinali chodzaza, ndipo tsiku lodula linali litayandikira. Ndikanatenga ndalama imeneyo n'kukaodera katundu, mashelefu akanadzaza, koma a khonsolo akanatha kubwera tsiku lililonse n'kutseka. Ndinabereka mwana, kukwera minibasi, kukaima pamzere, n'kudula laisensi. Pepalalo ndinalikhoma pamwamba pa shelefu yomwe inali ndi machesi, makandulo ndi sopo zisanu. Okala inatsala yotsegula, koma kwa masabata atatu, mpaka abambo atalandira ndalama ya zitseko zimene anakhoma ku Chigwirizano, ambiri obwera pazenera ndinkawabweza.

Pepala limene tinalemba ndi aneba, la katundu amene anapita ulere m'manja mwa apongozi, linali lotere. Shuga mapaketi asanu ndi anayi, K900. Mafuta ophikira malita anayi, K1,000. Sopo khumi ndi zinayi, K350. Mchere, machesi ndi maswiti a ana, K420. Zonse pamodzi, K2,670.