Mafunso a Mdzukulu wa Katekisi

Bambo anga anafika ku Perth, m'dziko la Australia, chakumapeto kwa Febuluwale, nthawi imene dzuwa la kuno limawotcha ngati lili nawe mlandu. Kanali koyamba kuti akwere ndege. Mayi anali atamwalira chaka chapitacho, ndiye ine ndi achimwene anga tinagwirizana kuti bambo abwere adzapumuleko kwa ine miyezi itatu, asamangokhala okha m'nyumba ija ya ku Dedza.

Ndinasangalala, koma mtima sunali m'malo. Bambo anagwira ntchito ya ukatekisi mu mpingo wa Chikatolika pafupifupi moyo wawo wonse. Ine ndinakwatiwa ndi mwamuna wa Chipresibiteriya, ndipo ukwati tinamangitsa kutchalitchi kwawo. Tsiku la ukwatilo bambo sanabwere, anakhala kudimba. Tinayanjananso mwana wanga wamkazi atabadwa, koma nkhaniyo sitinaikambepo ngakhale kamodzi. Tinangoikwirira.

Mwanayo tinabwera naye kuno akadali wakumsana. Pa nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Chichewa amamva chonse, ngakhale miseche, koma poyankha amayankha m'Chingelezi cha kuno, chothamanga ndi chomeza mawu. Bambo Chingelezi anachiphunzira kumishoni ndipo amawerenga bwino kwambiri, koma cha mdzukulu wawo chinkawadutsa m'makutu. Choncho ine ndinasanduka womasulira wawo. Amuna anga, amene amakonza zamagetsi kumigodi ya kumpoto, ananyamuka bambo atangokhala masiku ochepa, ndipo m'nyumba yathu ya ku Balga tinatsala atatu.

Teremu imeneyo kusukulu ankaphunzira mbiri ya zaka mazana asanu zapitazo: momwe mpingo unagawikira ku Ulaya, nkhondo zimene zinatsatira, ndi maulendo a zombo za Azungu zopita kumaiko akutali. Mwana aliyense anauzidwa kuti adzalankhule pamaso pa kalasi. Wanga zinamulowa m'magazi. Ndikamutenga kusukulu pochokera kuchipatala cha ku Joondalup kumene ndimagwira unamwino, ankangoyamba ndisanalize n'galimoto komwe.

"Mama, mukudziwa kuti ankagulitsa makalata a chikhululukiro cha machimo? Mukudziwa kuti Apapa anavomereza kuti Apwitikizi ndi Asipanishi agawane maiko a eni ake, ngati akugawana chinangwa?"

"Zimenezo uzikamba m'galimoto muno," ndinkatero. "Kunyumba kuli agogo ako."

"Ndiye bwino, iwo akudziwa zambiri. Ndikawafunsa."

Ndinamuletsa, koma sindinamuuze chifukwa chake. Ndinkaopa kuti funso limodzi lidzakoka linzake mpaka tidzafike pa ukwati wanga. Ndinkaopanso mtima wa bambo, poti ankamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Kuntchito ndinkapezeka ndaima ndi botolo la mankhwala m'manja, ndikuganiza kuti awiriwo akukamba zotani kunyumba.

Zinachitika Loweruka lina m'mawa tikumwa tiyi. Bambo anaona buku lalikulu pathebulo, n'kufunsa kuti mdzukulu akuphunzira chiyani. Mtsikanayo anangoti apa mpake. Anafotokoza za wansembe wa ku Jeremani amene anatsutsa malonda a chikhululukiro, mpingo n'kung'ambika pakati. Anati anthu anaphana zaka zambirimbiri, midzi n'kutha psiti, onse akutchula dzina la Yesu yemweyo. Kenaka anafunsa: "Agogo, inu munkaphunzitsa anthu kuti mbali yolakwa inali iti?"

Ine ndinamasulira kuti, "Akuti akuphunzira mbiri ya mpingo, ndiye akufuna mumuuzeko za ntchito yanu ya ukatekisi."

Mwanayo anandiyang'ana. Kenaka, m'Chichewa chake chopunduka, anati, "Ayi, Mama. Si ndanena choncho."

Bambo anaika kapu pansi. "Iwe, umasulire zimene mwana wanena. Ine si khanda."

Ndinamasulira. Bambo sanakwiye monga ndinkayembekezera. Anati zimenezo anazimva kalekale kusukulu ya akatekisi, kuti panali ansembe ena adyera, koma munthu sugumula nyumba ya amako chifukwa denga likudontha. Ndinapumira m'mwamba poganiza kuti zathera pomwepo.

Koma mwana anatsegula bukulo n'kuwasendezera. Panali chithunzi cha doko, anthu akuda ali m'maunyolo, wansembe akuwawaza madzi asanakwezedwe m'chombo. Anawaonetsanso mapu a mtsinje wa Zambezi, pamene Apwitikizi anakwera mpaka ku Tete n'kumachita malonda ndi mafumu a Amaravi. "Awa ndi makolo athu, eti?" anafunsa mwanayo. Apa panalibe chomasulira. Bambo anatulutsa magalasi awo n'kuyamba kuwerenga okha, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Anawerenga tsamba lonse, n'kubwerezanso.

"Ankawabatiza kaye?" anafunsa bambo, osayang'ana munthu.

 Ananyamuka n'kukalowa kuchipinda kwawo.

Ndinamukalipira mwanayo kukhitchini monong'ona, iye akuti sanalakwe, zonse zili m'buku. Nditakonza chakudya cha masana ndinakagogoda kuchipinda kwa bambo, koma kunali zii. Foni yawo inali pabedi, chipewa chili pampando, nsapato za kutchalitchi palibe.

Kunja kunali ng'anjo. Munthu amene sanafikepo kuno sangamvetse momwe misewu ya ku Balga imakhalira masana a tsiku lotentha: palibe woyenda pansi, palibe wogulitsa tomato woti n'kumufunsa, nyumba zonse zotseka makatani, ndipo kwa mlendo zimangofanana. Monga namwino ndinkadziwa bwino zimene dzuwa lotere limachita kwa munthu wokalamba wa mankhwala ngati awo. Kudziwako n'kumene kunandisautsa kwambiri.

Tinalowa m'galimoto. Ndinaimbira amuna anga, foni osagwira, poti akakhala pantchito amazisiya kunja. Tinazungulira paki, tinakayang'ana kumashopu, tinafunsa mnyamata wina wotsuka galimoto, iye n'kupukusa mutu. Mwana wanga anayamba kulira. "Mama, akafa ndiye kuti ndawapha ine?"  M'mutu mwanga munkangozungulira mawu oti ndikawauze achimwene anga, amene anandipatsa bambo ali bwinobwino.

Ndinali nditaganiza zoimbira apolisi pamene mwana anakuwa kuti ndiime. Bambo anali atakhala pamthunzi wa pokwerera basi, kutali ndithu ndi kwathu, malaya ali chonyowa ndi thukuta. Pambali pawo panali mayi wina wa ku Sudan ndi ana ake, atawapatsa botolo la madzi. Mayiyo anati anawaona akuzandima, ndipo anasiya basi yake ipite chifukwa bambowa sankadziwa dzina la msewu wa kwawo. Ndinamugwira manja onse awiri n'kumuthokoza.

M'galimoto ndinawagwira pamkono kuti ndimve kugunda kwa mtima. Kunali kothamanga, koma osati koopsa.

"Bambo, mumapita kuti osatsanzika?"

"Ndimafuna tchalitchi chija tinapita Lamulungu. Ndimati ndikafunse abambo mfumu ngati zili m'bukumo n'zoona." Anapuma pang'ono. "Kwathu tchalitchi umachiona uli patali. Kuno zonse n'zofanana."

Mwana anatembenuka kuchokera kumpando wakutsogolo. "Agogo, pepani."

"Usapepese, wangofunsa," anatero. "Koma ndikuuze ichi. Wansembe amene anandiphunzitsa kuwerenga sanagulitsepo munthu. Anaikidwa m'manda kwathu komweko, pakati pa anthu athu. Zimenezonso ukanene kusukuluko."

Amuna anga atabwerako kumgodi ndinawafotokozera zonse. Iwo ndi amene anawatengera bambo kwa ansembe Lachiwiri lotsatira, n'kuwadikira panja m'galimoto. Wansembeyo anali wochokera ku India. Bambo atabwerako anangotiuza mwachidule kuti wati zinachitikadi, kuti ngakhale kwawoko Apwitikizi anasiya mabala, komanso kuti maiko a Apulotesitanti nawo anatumiza zombo zawo kukanyamula akapolo. Ponena chomalizachi anayang'ana mkamwini wawo. Amuna anga anati, "N'zoona, bambo. Palibe wa m'manja moyera." Bambo anagwedeza mutu.

Masabata otsalawo sanalinso monga kale. Korona ankapemphera m'mawa uliwonse, koma nthawi zambiri ndinkawapeza pakhonde ali ndi buku lija pamiyendo. Ankadya pang'ono. Ndinkawayeza magazi kawirikawiri mpaka anandiletsa. Za ukwati wanga palibe anafunsa, ndipo ine sindinaziyambitse.

Mwana analankhula kukalasi kwake, ndipo anandiuza kuti za wansembe wa agogo ake anazitchula kumapeto. Bambo anabwerera ku Dedza mu Meyi, kuno kutayamba kuzizira.

Patapita miyezi ingapo, mtsikanayo anatiuza kuti akufuna ayambe wapuma kupita kutchalitchi. Anati sakunyoza, koma sakudziwa kuti akhulupirire ziti, ndipo sakufuna kuimba zimene sakutsimikiza. Bambo ake anati timusiye, msinkhu umenewu ngwa mafunso, ndipo tikamukakamiza adzathawiratu. Ine usiku wa Loweruka lililonse ndimamusitirabe diresi n'kuipachika pachitseko chake. Masabata ena amavala n'kutitsatira, n'kukhala kumbuyo osaimba. Masabata ambiri diresiyo timaipeza pomwepo pobwera.

Mwezi wathawu bambo anandifunsa pafoni ngati mdzukulu wawo akupemphera. Ndinawauza zoona.  Iwo anangosintha nkhani, n'kunena kuti mvula yachedwa chaka chino, ndipo anthu ambiri sanadzale.