Anesi a Yoga ya M'galaja

Anesi opuma pantchito, a nyumba yapakona ija, amaphunzitsa masewera olimbitsa thupi a yoga m'galaja mwawo m'mawa uliwonse. Tsitsi lonse ndi imvi, koma akawerama zikhatho zimafika pansi bwinobwino. Sakweza mawu. Akaona wina akukukuta mano, amamugwira paphewa n'kumufunsa kuti, "Lero mwabwera ndi ndani mumtimamo? Tapumani kaye, timuone."

Tsiku lina, azimayi atagona pamphasa ali chitsinzinire, chitseko chinatseguka mwamphamvu. Anali mwamuna wa mmodzi wa ophunzira awo, lamba ali m'manja.

"Dzuka tizipita! Kodi kuno n'kumene akukuphunzitsa kundiyankha?"

Mkaziyo anakwawira pakona. Anesi anakaima pakati pa awiriwo.

"Bambo, ndikukuopani, sindinama," anatero. "Koma pano sindichokapo. Ngati mwabwera kudzamenya, muyambe ine."

Mwamunayo anakweza lamba. Anesi anakoka mpweya pang'onopang'ono, akumuyang'ana m'maso. Kumbuyo kwawo azimayi anayamba kudzuka mmodzimmodzi n'kudzaima pambali pawo. Dzanja lija linakhala m'mwamba kwa kanthawi, kenako linatsika lokha, ndipo mwini wake anatuluka akutukwana.

Anesi anakhoma chitseko n'kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe.

"Mwanawe, lero ugona kuno," anauza mkaziyo. "Mawa tipitira limodzi kupolisi."

Iye anapukusa mutu, akuvala nsapato.

"Ayi amayi, za mawa ndatopa nazo. Tiyeni tipite pompano."