Diso loyera pa jekete ya ababa

Dzulo mdzukulu wanga Asiyatu anabwera kuchokera kusukulu ndi pepala lakuda, pakati pake pali chozungulira choyera. Nditangochiona, ndinakumbukira jekete ya ababa.

Ndili mwana kwa Mposa, bowa wa kumanda sitinkazula. Koma tsiku lina mvula itakata, ndinaona utale waukulu pafupi ndi manda a ababa, ukununkhira dothi lonyowa. Mtima unakanika kuusiya. Ndinauzula, n'kuthyola tsinde, chipewa chake n'kukachibisa m'sutikesi, pamwamba pa jekete yakuda ya malemuwo.

M'mawa mwake amayi anatsegula sutikesi kuti ayanike zovala. Atanyamula bowa uja, pa jekete panatsala diso loyera, lalikulu ngati mbale, timizere take tili ndondondo, likutiyang'ana osaphethira.

"Wauzula kuti bowa ameneyu?" anandifunsa motsitsa mawu.

"Kumunda, amayi."

"Iyayi. Bambo ako akuona."

Ndinakaubweza ndekha kumanda kuja, ndikupepesa njira yonse. Jeketeyo amayi sanaichapenso mpaka tsiku lawo linakwana.

Asiyatu anaseka nditamufotokozera. "Agogo, si diso ayi. Aphunzitsi akuti kunsi kwa chipewa cha bowa kuli timaselo tosaoneka ndi maso. Timeneto timagwetsa fumbi, ndipo fumbilo ndiye mbewu zake. Nafenso papepalali tinaikapo chipewa cha bowa usiku wonse."

Ndamva, ndipo mwanayu sakunama. Koma atangotuluka kukasewera, pepala lija ndinalitembenuza kuti liyang'ane pansi.