Tsiku Limene Tinamva Magazi M'phazi la Bambo

Bambo anga sankavula jombo pagulu. Chizolowezicho anabwera nacho kuchokera kumigodi ya ku Joni, n'chifukwa chake kupatula mayi, palibe anaona phazi lawo lakumanzere mpaka zinthu zitafika poipa.

Ine ndinayamba kukayika popita nawo kumunda wa kachewere. Tikayenda pang'ono ankaima n'kumayang'ana mbewu za eni ake ngati mlangizi, kenaka n'kunyamukanso. Kumeneko kunali kupumitsa katumba, koma kuti avomere, ng'o. Mayi ndiwo anandinong'oneza kuti phazilo limazizira ngati mwala wa kumtsinje. Nanga kwathu ku Tsangano phazi lozizira ndi nkhani? Tonse timagona ndi mapazi ozizira. Bambo anakatemetsa mphini pakakolo, mphinizo n'kusanduka chilonda chosapola. Zoti apite kuchipatala anakana kwamtuwagalu. Ankati kumeneko akangoona chilonda amathamangira kudula mwendo.

Ndinachita kuwanyenga. Ndinati tiyeni pa boma pa Ntcheu tikangogula mankhwala opaka. M'sitolo ya mankhwalamo tinapeza mayi wachitsikana wofunda mpango, msinkhu wa mng'ono wanga. M'malo motipatsa mankhwala, anayamba mafunso.

"Bambo, mumasuta?"

"Chingambwe. Ndinayamba inu musanabadwe."

"Mwendowu umapweteka mukamayenda, mukaima n'kuleka?"

Bambo anandiyang'ana ngati ndine ndawaulula. Ine kukamwa kunali yasa, chifukwa ndinali ndisanamuuze kanthu mayiyo.

Mayi uja anawapempha kuti alowe kakuchipinda, avule jombo, agone pabenchi. Mngoni wamkulu kuvula mapazi pamaso pa mwana wamkazi wa eni ake, wakewake ali pomwepo, sizinawalowe. Ine mtima wanga ndi wapachala, zinandikwera. "Baba," ndinatero, "kapena mukufuna achipatala adzakuvuleni jomboyo pamodzi ndi mwendo womwe?" Chibadwire ndinali ndisanawalankhule chotero. Anavula osandiyang'ana.

Mayi uja anawamanga lamba wopimira magazi pamkono, kenaka pamwamba pa akakolo, akulemba papepala. Anapaka timafuta toterera paphazi lakumanja n'kugunditsapo kachitsulo kolumikiza kukabokosi konga wailesi yam'manja. M'kabokosimo munatuluka mawu: fwuu, fwuu, fwuu, amphamvu, osaphonya.

"Amenewo ndi magazi anu, bambo. Akudutsa apapa."

Ine ndabereka ana, ndasambitsa odwala, koma sindinkadziwa kuti m'phazi la munthu mumakhala phokoso lotere usana ndi usiku, ife tikungoyendapo osathokoza. Ndinachita mantha ndi ntchito ya Mulungu.

Mayi uja anasamukira kuphazi lakumanzere. Zii. Anasuntha kachitsulo kaja, ziinso. Panja oitanira maminibasi anali kukuwa za ku Lilongwe, ine ndikulakalaka atatseka pakamwa. Patapita nthawi kanamveka kamawu kofooka, kapatalipatali, kochita kutchera khutu.

Mayi uja anafotokoza mosapsatira. Anati mtsempha wa mwendowo wachepa njira ngati paipi yodzaza matope, magazi akufika ochepa, ndipo chilonda chotero sichipola ndi zopaka. "Sindikugulitsani kanthu. Ndikulemberani kalata, mupite nayo kuchipatala lero lomwe. Mukazengereza mwendowu muutaya."

Ndinayembekeza kuti bambo avala jombo n'kutuluka. Koma anati, "Tabwezerani pomwe paja, mayi." Anatsinzina n'kumvetsera kamawu kaja nthawi yaitali.

"Kumgodi thanthwe likagwera anthu," anatero osatsegula maso, "tinkazimitsa makina onse n'kumvetsera. Ukamva kugogoda, ngakhale kwapansipansi, sunkapita kokadya. Unkakumba." Kalata ija analandira okha ndi manja awiri, n'kundiuza kuti nditsogole.

Sindinama kuti zinayenda myaa. Anagonekedwa, anatumizidwa kuchipatala chachikulu, ndipo zala ziwiri anadulidwa ndithu. Fodya anasiya movutikira, akukalipira aliyense mpaka nkhuku zapakhomo. Koma mwendo unatsala.

Chaka chotsatira, atatha kukolola, amuna akwathu anavina ngoma. Bambo sanalowe m'bwalo. Anaima pambali ndi chishango chawo, pamiyendo yawo iwiri, ndipo nyimbo itafika pamene onse amaponda pansi, nawonso anaponda, kamodzi kokha, ndi phazi lakumanzere. Ine ndinalira osabisa nkhope.